Mlamu wa Ndani?

Chiyambireni kuphunzitsa ku yunivesite, Pensulo sanapondenso pakhomo pa kwawo kwa bwenzi lake. Chikondi chawo chinkayenda mozemba ngati katundu wakuba, ndipo malo okhawo amene ankakumana anali kachipinda kosungiramo makatoni kuseri kwa famase.

Dzina loti Pensulo analitola ku ofesi ya akaunti kumene anagwirako ntchito zaka zambiri. Mnyamatayo sankalemba nambala ndi inki asanaitembenuze uku ndi uku, choncho pensulo sinkachoka kuseri kwa khutu lake. Bwenzi lakelo anthu ankamutchula kuti Dokotala chifukwa cha jekete loyera limene ankavala pogulitsa mankhwala, ngakhale kuti jekiseni sanabayepo munthu. Tsoka lake, Dokotala anali mwana wa Mdala, mwini wake wa ofesi ya akaunti ija.

Mdala ndi amene anamulemba ntchito Pensulo atangomaliza sukulu. Anamuphunzitsa uodita, ntchito yofufuza mabuku a makampani, mpaka anayamba kumutchula kuti "mwana wanga" pamaso pa makasitomala. Za chibwenzi ankazidziwa ndipo ankangozimwetulira, poti mpando wake womwe ankafuna kudzausiyira mkamwini. Koma mtima wa Pensulo unali kwina. Lilime lake, lolemera masiku onse, linkamasuka pokhapokha akamalongosolera ntchito achinyamata obwera kumene. Malo a uphunzitsi atapezeka, anatsanzika.

"Wataya bomwetamweta," anatero Mdala tsiku limenelo. "Ndipo munthu wothawa ntchito yanga adzathawanso mwana wanga. Pakhomo panga usadzapondepo."

Sabata yomweyo Mdala anagwa m'bafa, BP itakwera. Ali gone m'chipatala, mwana wake anamugwira dzanja n'kumuuza kuti chibwenzi chija chatha. Linali bodza, koma bodzalo ndi limene linatsitsa BP.

*

"Wawonda," anatero Dokotala masana ena, atakhala pa katoni ya mabandeji. "Kumeneko mukudya choko?"

"Choko chinatha kalekale. Masiku ano timalembera zolembera zonunkha ngati mankhwala akowa."

"Ndiye mukudya fungo."

Pensulo anangoseka cha pakhosi. Anachotsa pensulo pakhutu n'kuyamba kuizunguza m'zala, ndipo Dokotala anadziwa kuti pali nkhani.

"Lankhula. Kauntala ndasiyira mtsikana watsopano."

"Ana amaliza mayeso. Mawa tikugawana mapepala oti tichonge. Kalasi ya mlongo wako ndi yanga."

"Ndiye? Chonga. Akakhoza akhoze, akalakwa umupatse zake. Chitsiriza amasewera kwambiri."

"Sizitero. Odita safufuza mabuku a m'bale wake. Amayamba wanena kuti pano pali ubale, ndichotsenipo. Ndi lamulo loyamba limene bambo ako anandiphunzitsa, ndisanadziwe n'komwe kumene kuli chimbudzi cha mu ofesi."

"Kumeneko si ku ofesi ya bambo. Komanso Chitsiriza si m'bale wako."

Mawuwo anagwa pakati pawo ngati tambula ya galasi. Dokotala anaona pamene agwera, n'kutambasula dzanja kumugwira bondo.

"Sindikutanthauza choncho, ukudziwa. Koma ku sukulu kwanuko kuli Mataye, uja anakulowa m'malo ku ofesi ya bambo, ndipo chimene Mataye wamva m'mawa, bambo amachimva masana. Ndipatse nthawi, iwe. Mtima wawo uyambe wakhala pansi. Usauze munthu. Lonjeza."

"Ndamva."

"'Ndamva' si 'ndalonjeza'."

Belu la pakhomo linalira, kenako mawu a mtsikana uja: "Adokotala, kuli kasitomala!" Dokotala anaimirira, anakoka jekete lake kuti liwongoke, n'kumusiya Pensulo pakati pa makatoni asanayankhe.

*

M'mawa mwake, pa masitepe okwera ku dipatimenti, wina anamukoka malaya.

"Alamu!"

"Tsitsa mawu, iwe."

Chitsiriza, mlongo wake wa Dokotala, anali yekhayo m'banjamo amene ankadziwa kuti chibwenzi sichinathe. M'kalasi ankati "aphunzitsi" ndi nkhope ya mngelo, koma akakumana awiri nyimbo inali imodzi: alamu, alamu. Pensulo ankamuletsa, koma mawuwo ankamukomera. Panalibe wina aliyense amene ankamutchula choncho.

"Funso lachitatu lija munalifukula kumanda ati? Kalasi yonse inatuluka ikulira. Mundiganizire, alamu. Magazi ndi magazi."

"Magazi ake ati? Ukanawerenga."

"Chabwino, umani mtima. Koma ndikutsineni khutu: dzulo Mataye anabweranso. Ananyamula zipatso m'kabasiketi ka riboni, ngati akubwera kudzazonda odwala. Anakhala pampando wanu uja, wa pafupi ndi bambo. Achemwali anatumidwa kuti amupangire tiyi."

"Anapanga?"

"Akanatani? Koma shuga sanathire. Munthu anamwa yense, akuyamikira."

Mataye anali mnyamata amene analowa m'malo mwa Pensulo ku ofesi ya Mdala. Tayi sankaibwereza, ndiye dzinalo. Ankabweranso ku yunivesite kamodzi pa sabata kudzaphunzitsa za misonkho, moti iye ndi Pensulo ankapatsana moni m'makonde, moni wouma wa anthu odziwana mitima. Desiki ya Pensulo anaitenga kale. Tsopano diso lake linali pa china chimene chinatsala.

*

Chipinda cha misonkhano chinali chotentha, fani imodzi ikuzungulira mwaulesi kudenga. Mitolo ya mapepala a mayeso inali pa tebulo, yomangidwa ndi zingwe. Pulofesa, mayi woyang'anira dipatimenti, wa magalasi olendewera pa kachingwe, anafunsa funso limene ankafunsa nthawi zonse asanagawe mitolo.

"Alipo amene ali ndi wachibale m'kalasi imene akuchonga?"

Linali funso longokwaniritsa lamulo. Aphunzitsi ena anali pa mafoni, ena akutola kale zikwama. Pensulo anayang'ana mtolo wake. M'khutu lina ankamva mawu a Dokotala: usauze munthu. M'khutu lina ankamva a Mdala, a zaka zija: odita akabisa ubale, nambala zake zonse ndi zabodza, ngakhale zitakhala zolondola. Dzanja linakwera lokha, pensulo ili m'zala.

"Ee, aphunzitsi atsopano?"

Anatchula dzina la Chitsiriza.

"Ndi ndani wanu?"

Apa ndi pamene panagona nkhani. Akanatha kunena kuti ndi mwana wa bwana wake wakale. Zinali zoona, ndipo Pulofesa akanangogwedeza mutu n'kupitiriza. Koma nzeru imeneyo inamufikira mochedwa. Ku uodita, pakakhala maubale awiri, umatchula wolemerawo. Maso onse anali pa iye, ndipo pakamwa panatuluka mawu amene anali pafupi, amene anawamva m'mawa womwewo pa masitepe.

"Ndi mlamu wanga."

"Aaa!" anafuula mphunzitsi wina wadazi. "Munakwatira mwakachetechete? Keke yathu ili kuti?"

"Ofatsawa ndi amene amatha anthu," anatero wina, ndipo chipinda chonse chinaphulika ndi phwete.

Pulofesa anamasula chingwe, anasolola pepala la Chitsiriza n'kuliika m'chikwama chake. "Ili ndichonga ndekha. Zikomo, aphunzitsi."

Mmodzi yekha sanaseke. Mataye anali kumapeto kwa tebulo, akusalaza tayi yake ya buluu ndi zala ziwiri.

"Mlamu," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa. "Zodabwitsa. Ine pakhomo pamenepo ndimamwapo tiyi, koma za ukwati sindinamvepo. Mwina anaiwala kundiuza."

Anatola foni yake n'kutuluka msonkhano usanathe.

*

Dzuwa lisanapendeke, foni ya Pensulo inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Dokotala.

*Wanena chiyani ku sukulu kwanu?*

Analemba yankho lalitali, analifufuta, anayamba lina. Asanatumize, unalowa uthenga wachiwiri.

*Bambo akukufuna kunyumba. Pompano.*

Kenako wachitatu.

*Chilichonse chimene ndinene, usanditsutse.*

*

Pabalaza panali momwe anapasiyira: mipando yachikopa, chithunzi cha malemu amayi a Dokotala pakhoma, wotchi yaikulu yothamanga nthawi. Chatsopano chinali kamakina koyezera BP pa tebulo, pambali pa kabasiketi ka riboni. Mdala anali atachepa, kolala ya shati itamukulira. Mataye anakhala pafupi naye. Chitsiriza anaima pakhomo la ku khitchini atazolika. Dokotala anali chiimire kuseri kwa mpando wa bambo ake, jekete loyera asanavule.

Palibe anamupatsa mpando.

"Aphunzitsi afika," anatero Mdala. Kale ankamuti "iwe, mwana wanga". Lero anali "inu", ndipo ulemuwo unkaluma kuposa mwano. "Ife tinaphunzira kalekale, zina tinaiwala. Tatiphunzitsani. Mlamu ndi ndani?"

"Bwana, ndinangotsatira lamulo. Lomwe munandiphunzitsa inu."

"Ndinakuphunzitsani kutchula ubale umene ulipo. Sindinakuphunzitseni kudzipangira ubale ndi pakamwa, dzina la mwana wanga n'kumasekedwa ndi anthu osamudziwa n'komwe." Anaima kuti apume. "Ndinakupatsani mpando, munaukana. Ndinakupatsani ofesi ya mawindo awiri, munasankha bolodi. Chabwino, walira mvula walira matope. Koma mwana wanga munamutenga liti? Anakupatsani ndani?"

"Bwana, ntchito ndinasiya, koma..."

"Sindikufunsanso inu." Mdala anatembenuza mutu movutikira. "Mayi, bwera kutsogolo kuno ndikuone. Unandiuza chiyani m'chipatala muja?"

Dokotala anazungulira mpando n'kugwada pambali pa bambo ake.

"Munthu uyu ndi ndani wako?"

Pensulo anaona zonse, poti kuona ndiyo inali ntchito yake: mtsempha wa pamphumi pa Mdala ukugunda, maso a Dokotala akuthamangira pa kamakina kaja n'kubwerera.

"Si kanthu kwa ine, bambo. Zinatha kalekale. Mwina iyeyo ndi amene sanamvetse."

Mataye anakhosomola n'kuyang'ana kudenga. Chitsiriza anatsegula pakamwa, koma mlongo wake anamuponyera diso, ndipo anatseka.

Mdala anatambasula dzanja. "Tabweretsani pensuloyo."

Pensulo anaichotsa pakhutu n'kuipereka ndi manja awiri. Mdala anaitembenuza, akuyang'ana kumapeto kumene chofufutira chinali chitatsala pang'ono kutha.

"Moyo wanu wonse mwalemba ndi ichi, kuopa kulakwa. Lero lokha mwalemba ndi inki, ndipo mwalemba bodza. Tione ngati mufufute." Anaiika pa tebulo pambali pa kamakina. "Njira mukuidziwa."

*

Anali atafika pa geti pamene anamva mapazi kumbuyo.

"Ndawauza kuti ndikukatseka geti," anatero Dokotala, makiyi akulira m'manja. Mawu ake anali otsika koma otentha. "Ukanangoti mwana wa bwana wako wakale! Mawu onse ali m'mutu mwakomo, iwe n'kusankha amenewo?"

"Amenewo ndi oona, koma si oona onse."

"Oona onse! Ine ndanama kuti bambo anga akhale ndi moyo. Iwe wanena zoona kuti chiyani? Kuti manja ako ayere? Ayera. Kondwera."

"Pepala lija sindikanalichonga."

"Sindikunena za pepala!"

Pensulo anakweza dzanja kukhutu, n'kupeza palibe kanthu. Zala zinangotsala zikufufuza tsitsi.

"Pamene umati si kanthu kwa iwe, sunachite chibwibwi," anatero. "Ndipo zoti ineyo ndi amene sindinamvetse, sanakufunse. Wawonjezera wekha."

"Umafuna andikhulupirire kapena ayi?"

"Ngakhale ine ndakukhulupirira."

Misozi inalengeza m'maso mwa Dokotala.

"Pamene unkasiya ntchito sunandifunse. Unangondiuza, zonse zitatha kale. Lero sunandifunsenso. Iwe umasankha choyenera n'kumapita, ine ndimatsala ndikusesa zosweka. Ndatopa, wamva? Tsache latha."

M'nyumba munamveka mawu a Mataye, omasuka ngati a mwini khomo: "Adokotala! Mdala akufuna mapiritsi awo!"

Geti linatsekedwa, loko inalira, ndipo Pensulo anatsala kunja, akuyang'ana chitsulo chopakidwa penti yobiriwira.

*

Ali m'basi yobwerera kwawo, mtolo wa mapepala uli pamiyendo, foni inalira. Anayesa ndi Dokotala, koma anali Chitsiriza.

"Alamu, pepani. Ndinafuna kulankhula, koma achemwali..."

"Usanditchulenso choncho."

"Nanga ndizikutchulani chiyani?"

Pensulo anayang'ana pawindo. Masitolo ankatsekedwa, anthu awiriawiri akuyenda m'mbali mwa msewu.

"Aphunzitsi basi," anatero, n'kudula foni.

Kwa Dokotala anatumiza mawu amodzi okha: *Pepa.* Uthengawo unawerengedwa. Sunayankhidwe.

*

M'mawa mwake, asanaike n'komwe chikwama pansi, anauzidwa kuti Pulofesa akumufuna.

Mayiyo sanamwetulire ngati dzulo. Pepala la Chitsiriza linali pa desiki, losachonga.

"Khalani. Bambo ake a mwanayu andiimbira foni. Akuti inu si mlamu wa aliyense m'banja mwawo. Akuti ku ofesi kwawo munachoka mutayambana, ndipo mukuipitsa dzina la mwana wawo wamkazi pofuna kuwabwezera. Akufuna tichitepo kanthu."

"Sindinaname, amayi."

"Munakwatira?"

"Ayi."

"Makolo akudziwa?"

"Ankadziwa. Pano..."

Pulofesa anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa. Anausa moyo.

"Anthu a akaunti inu! Ife tikafunsa funso lija timayembekeza kuti kukhala chete, tinyamule mitolo tizipita. Mwachita bwino, sindikukana. Koma ndinu watsopano, mukadali pa nthawi yoyesedwa, ndipo mawu onena pa msonkhano wa mayeso si a pa tiyi. Mukapezeka kuti munanama, ine sindingakutetezeni. Zotsatira za mwanayu ndaziimika mpaka nkhaniyi ithe."

"Mwanayo sanalakwe kanthu."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufuna ithe lero. Satifiketi ya ukwati sindikuifuna. Ndikufuna mtsikanayo mwini wake anene ndi pakamwa pake ngati muli pa chibwenzi cholinga ku banja. Inde kapena ayi. Akati inde, ndikhutira nazo, mukachonge mapepala anu. Akati ayi..."

Pensulo anawerengera mbali zonse ziwiri. Akati ayi, bolodi limene analipira ndi zonse likhala lamuthawa, ndipo iye adzakhala wamva kachiwiri mawu a dzulo aja. Akati inde, Mdala adzadziwa kuti mwana wake anamunamiza ali pa bedi la chipatala, n'kumunamizanso dzulo atagwada.

"Musamuitane, amayi, chonde. Bambo ake ndi odwala. Funso limeneli lisamufike."

"Ndamuitana kale. Bambo ake omwewo ndi amene apempha."

*

Anatuluka n'kukaima pa windo la m'khonde. Pansi, pamalo oimika magalimoto, galimoto ya Mataye inali ikulowa. Mataye anatsika, anazungulira mwaulemu, n'kutsegula chitseko. Munatuluka jekete loyera.

Pensulo anawamva akukwera masitepe, nsapato za mitundu iwiri. Anafuna kumuuza kuti, nena ayi, ntchito ndipeza ina. Anafunanso kumuuza kuti, nena inde, kamodzi kokha, pamaso pa munthu.

Dokotala anamudutsa osacheuka. Maso ake anali otupa. Kumbuyo kwake kunatsala kafungo ka famase, ka kachipinda ka makatoni kaja.

"Lowani, mayi," anatero Pulofesa ali pakhomo. "Aphunzitsi, inu mudikire panja."

Chitseko chinatsekedwa.

Mataye anatsamira khoma pafupi naye. Lero tayi inali yofiira. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pensulo ija.

"Mdala akuti mwina muifuna, pofufutira." Anailowetsa yekha m'thumba la shati ya Pensulo, n'kusisitapo ngati akuchotsa fumbi. "Ali m'galimoto pansipa. Akana kutsala kunyumba. Akuti yankho alimve likadali lotentha."

Pensulo anasuzumiranso pa windo. Pampando wakumbuyo wa galimotoyo, mutu wa imvi unali utatsamira galasi, nkhope itayang'ana m'mwamba, ku mawindo a dipatimenti.

Kuseri kwa chitseko anamva mpando ukukokedwa, kenako mawu a Pulofesa, ofatsa, akufunsa funso lija. Anagwira mpweya n'kutchera khutu.

Dzulo Dokotala sanachite chibwibwi. Lero, kuseri kwa chitsekocho, kunali zii.